Nsalu ya Ukwati wa Hajira

Ndisaname: ndinapitira alawansi.
Loweruka lija, m'kalasi ya sitandade sikisi ku Namwera,
tinadzipanikiza pa madesiki a ana,
ine telala, akabaza anayi, mayi wa zigumu,
tonse maso ali pa kireti ya zakumwa pakona.

Namwino wochokera ku boma, a Kalawire,
wamfupi, wa mawu osasa,
anasolola mwendo wa pulasitiki m'thumba la feteleza.
Tinaseka.
Iwo anadikira timalize.

Anati magazi sadikira galimoto.
Dinikiza. Usasuzumire.
Nsalu ikanyowa, sanjika ina pamwamba.
Akakanabe, manga kumtunda kwa bala,
pota kamtengo mpaka aleke,
ngakhale mwini mwendo akutukwane mtundu wonse.
Lemba nthawi. Usamasule.

Anandibwerezetsa kasanu
chifukwa ndinkamvera chisoni pulasitiki.
"Achimwene, ulemu wanuwo udzapha munthu."

Ndalama ija ndinagulira singano ndi ulusi.
Zina zonse ndinaiwala,
kapena ndinkayesa choncho.

Inadutsa miyezi isanu ndi iwiri.
Tsiku la msika, mphepo ya mwera ili m'kati,
Silaji akubwera pa njinga yamoto
atamangirira malata asanu kumbuyo.
Mbuzi inadutsa.
Ndinamva chiphokoso, kenako zii,
kenako amayi kukuwa.

Lata linatsegula ntchafu
monga sizasi yanga imatsegulira nsalu yatsopano.
Magazi sankayenderera ayi,
ankadumpha, kupuma, kudumpha.
Anthu anazinga bwalo, mafoni m'mwamba.
Wina anabwera ndi dothi m'manja,
wina akuti thirani mchere,
wina mafuta a mabuleki.

Mutu wanga unalibe kanthu.
Manja ndiwo anapita kusukulu tsiku lija.
Anavala majumbo a shuga,
anatsomphola chimene chinali pa makina,
mamita anayi obiriwira a ukwati wa Hajira,
anakanyiza m'bala, bondo langa pamwamba.
Inanyowa. Ndinasanjika ina. Inanyowanso.
Ndinang'amba mzere wotambalala ngati chikhatho,
kuzunguliza kumtunda, mfundo,
sipanala ya wokonza njinga, mfundo ina,
ndiye kupota.

Silaji anatchula amayi anga.
Ndinapota.
Anatchula Mulungu m'Chiyao ndi m'Chichewa.
Ndinapotanso,
mpaka kudumpha kuja kunatopa, kunagona.

Pa buluku lake ndinalemba ndi choko changa chopimira zovala:
leveni koloko.

Galimoto ya tomato ndiyo inatitenga.
Kutsetsereka Chowe, khona ndi khona,
dzanja langa lili pa sipanala,
ndikumufunsa mayina a ana ake kuti asagone.
Podutsa mlatho wa Shire anali atatchula atatu,
wachinayi ankamusokoneza.

Usiku umenewo sopo anatha, zikhadabo zikadali zofiira,
ndipo amene anandibwerera sanali Silaji.
Anali Bunaya, mng'ono wanga,
chikwanje chija, munda uja, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Tinamuthira phulusa ndi fodya,
tikumasula kansanza kaja pafupipafupi kuona ngati asiya.
Bala lake linali laling'ono kuposa ili.
Nsalu ndinali nazo ngakhale nthawi imeneyo.

Lero Silaji amatsimphina.
Akamadutsa pakhonde panga amaliza hutala kawiri,
osaima, ali pa ntchito.
Hajira anakwatiwa ndi diresi yobwereka,
amayi ake sandilonjera bwino,
ndikubwezabe pang'onopang'ono mwezi ukatha.

A Kalawire ndinamva anasamutsidwa.
Sadziwa.
M'buku lawo ndine siginecha chabe,
nambala leveni kapena thwelofu,
munthu amene anadya bisiketi ziwiri n'kufunsa za thiransipoti.

Pansi pa makina tsopano pamakhala kamtolo:
mizere itatu ya nsalu yolimba, majumbo, kachitsulo.
Makasitomala amafunsa kuti n'za ndani.
Ndimati mwini wake sanabwere.